Nthambi ya Mwandida ndi Matimati a Mayi Ake

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilisunga poteteza ulemu wa komiti, munali sikimu ya ulimi wothirira yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta. M'mawa uliwonse pulogalamuyo inkatumiza uthenga pafoni kwa wotsegula madzi, kumuuza dimba loti lithiriridwe. Inali ndi kachilema kamodzi kokha: inkadumpha dimba lakumapeto kwa ngalande. Dimbalo linali la mayi ake a Mwandida, mtsikana wa ku koleji amene anabwera ndi anzake kudzaphunzira ntchito pa pulogalamuyo.

Komiti inakhala pansi pa nkhani yaikulu: kodi ana asukuluwa azilemba mu thunthu, ndiye kuti pulogalamu yeniyeni yogwira ntchito, kapena aliyense apatsidwe nthambi, kope lake lapambali? Bambo Gwedeza, Mlonda Wamkulu wa Thunthu ndi Mizu Yake Yomwe, anayamba atsokomola.

"Ana kunthambi! Chabwino chikapezekako, tidzachilowetsa mu thunthu ife eni ake."

Mwandida anakonza kachilemako panthambi yake dzuwa lisanapendeke, n'kuthamangira kwa Mlonda.

"Bambo, ndakonza. Chonde taonaniko mulowetse, matimati a mayi akufota."

"Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kakomiti ka Nthambi kakumana zoziziritsa kukhosi zikapezeka."

Koma inu, zoziziritsa kukhosi m'mudzi umenewo zinkasowa kuposa mvula ya mu Okotobala. Mayi ake anathirira ndi ndowa mpaka msana unakana. Mwandida zinamuwawa kwambiri, poti mankhwala anali nawo m'manja koma wodwala akumuona akutha.

Tsiku lina Bambo Gwedeza anaona kuti mauthenga aja akutuluka opanda udindo wawo pansi pake. Analowa mu thunthu okha, popanda kakomiti, n'kudina apa ndi apo. Pulogalamu yonse inangoti zii! Atatuluka thukuta mokwanira anabwezeretsa yakale ija, kachilema kake kali momwemo. Mwandida anati basi, lero aphunzirapo.

Anaphunziradi. "Mwaonatu?" Bambo Gwedeza anauza komiti. "Ngati ine mwini wake ndaliphwanya, nanji ana asukulu!" Anthu anaomba m'manja, ndipo anawonjezera kakomiti kena koyang'anira kakomiti koyamba kaja.

Zoziziritsa kukhosi zitapezeka, makomiti onse awiri anapita kukayendera dimba lija, Mwandida ali pambuyo. Anapeza timitengo touma gwa, ndi mayi ake atakhala pamzere, manja ali m'masaya. Akuluakulu ananong'onezana, kenako Bambo Gwedeza anakonza tayi.

"Ntchito yako taiona, mwanawe, ndipo ndi yaukhondo. Koma sitiilowetsa. Pulogalamu sikulakwa kudumpha dimba lino. Taona wekha, muli chiyani choti n'kuthirira?"

Ndipo komiti inayamikira thunthu chifukwa choona patali.