Tsiku Limene Ndinatendera Saladi ya Ataliyana

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndiye cholembera chimandiyendera pang'onopang'ono ngati ngolo yokwera chitunda. Koma nkhani iyi ndiilemba ndithu, ndiilemba ndekha, chifukwa anthu ena akuifotokoza mokhotetsa. Akuti ndinafuna kuotcha nyumba. Sindinafune kuotcha nyumba ine. Alamu inalira, inde inalira, koma moto sunayake. Chimene chinapsa ndi ulemu wanga basi, ndi botolo limodzi la mafuta limene silidzabweranso.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, anandiitana ndi mwana wanga Esinati, amene ndi namwino. Mdzukulu wanga Takondwa anabadwira konkuno, Chichewa chake chimadumphadumpha ngati chiwala, koma amayesetsa mwana wa anthu. Takondwayu anapeza mwamuna, Mtaliyana, dzina lake Marco, ine ndimati Maliko. Tsiku loyamba ndinamuuza monga timachitira agogo kwathu kuti, "Inu ndinu amuna anga, uyu ndi mkazi mnzanga chabe." Takondwa atamasulira, mnyamata anafiira mpaka makutu, nayang'ana kumene kuli chitseko.

Maliko ali ndi agogo ake aakazi, iwo amati Nona. Gogo wamfupi, wa mawu aakulu, wovala zakuda chimwalirire amuna awo. Chizungu chawo n'chothyoka, changa n'chothyokathyoka, ndiye timamvana bwino zedi. Timayankhula ndi manja.

Tsono kwa a Nona kuli mwambo. Mwana akapeza banja, tsiku limene mabanja awiriwo adyere pamodzi koyamba, mayi wamkulu pa onse amapanga msuzi wothira pa saladi. (Saladi ndi masamba aawisi. Inde, aawisi, ngati tikudyetsa mbira. Kuona ndinazolowera, kudya ndikuphunzirabe.) Kapangidwe ka msuziwo kanalembedwa ndi mayi awo a Nona pa kapepala kakale, ndipo sikanatulukepo m'banjamo. Koma chaka chimenecho a Nona anaterereka pa ayezi pakhomo pawo, dzanja lamanja linali m'chikhakha. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kufuna nkhalamba ina. Mpongozi wawo, mayi a Maliko, amene wadikira kapepalako zaka makumi atatu, anali atakhala pomwepo maso ali tcheru. A Nona anawadumpha, naloza ine.

Ine! Ndinavina, abale, ndinavina pabalaza pa eni ake.

Lachinayi Takondwa ananditengera ku Woodbridge kumene amakhala a Nona, kuti ndikaphunzire. Iwo anatulutsa botolo lobiriwira, lopanda chizindikiro, lokulungidwa m'kansalu. Takondwa anandiuza monong'ona kuti mafutawo ndi a mitengo imene anabzala malemu amuna awo kwawo ku Italy. Mlamu wawo ankawatumizira chaka ndi chaka, koma nayenso anatsogola, munda uli ndi eni ena, ndiye botolo ili n'lotsiriza. Ndinafunsa kuti ndi mafuta a chiyani. Akuti a azitona. Azitona omwe aja a m'Baibulo! Ndipo viniga, atandinunkhitsa, ndinamudziwa, ndi vinyo wosasa uja. Apa ndinaona kuti ntchitoyi si yamasewera.

Pophunzira tinagwiritsa mafuta a m'sitolo, enieniwo anati ndipite nawo kunyumba, adikire Loweruka, tsiku la chakudyacho. A Nona ankaloza ndi dzanja lamanzere, Takondwa ankamasulira, ine ndinkathira m'kabotolo kotsekera. Kapepala kawo sindingawerenge, ndiye ndinakasandutsa nyimbo:

Mafuta katatu, viniga kamodzi,
adyo awiri, mchere wotsina,
timasamba touma, tsabola wakuda,
khutchu, khutchu, yatha ntchito!

(Timasamba toumato amati oregano, fungo lake likupita ku mpungabwi.) Ndinakhutchumula, msuzi unasanduka wachikasu wokongola, a Nona anaulanda pompo n'kuukhuthulira wonse pa masamba. Analawa, anafuula, anandipsompsona masaya onse awiri. M'kabotolo simunatsale kanthu. Mawu amenewo muwasunge: simunatsale kanthu, ndiye sindinaone zimene msuziwu umachita ukatsala wokha.

Loweruka linafika. Alendo abwera wani koloko. Esinati ali kuntchito mpaka masana, Takondwa wapita kokonza tsitsi, m'nyumba ndili ndekha ndi botolo la malemu. Ndinamanga chitenje chatsopano, ndinapemphera, ndinayamba nyimbo yanga. Theka la mafuta linalowa. Khutchu, khutchu. Wachikasu, wokongola, ngati wa Lachinayi uja. Ndinauimika patebulo n'kupita kukatsuka letesi ndi nkhaka.

Pobwerako ndinapeza mafuta ali pamwamba, viniga ali pansi, pakati mzere wowongoka ngati malire a munda.

Ndinakhutchumulanso. Anagwirizana. Ndinatembenuka kuti nditenge mpeni, pocheuka, alekana. Kachitatu ndinakhutchumula, amayi inu, ndinakhutchumula mpaka nyama za m'mikono zinavina chimtali, kenako ndinakhala pampando n'kuwayang'anitsitsa. Analekana ine ndikuona, osachita ndi manyazi omwe.

Tsiku lolumikiza mabanja, msuzi wa mwambo ukulekana? Kwathu akanati malodza amenewo. Kwa a Nona sunalekane, wadikira dzanja la ine wa ku Ntcheu. Ndinaona kale nkhope ya mayi a Maliko ikunena kuti, si uyo munamusankha uja. Ndinaonanso Takondwa wanga akulowa m'banjamo anthu akunong'onezana kuti kwawo n'kwa manja olekanitsa.

Ndinati mwina mafuta achepa mphamvu. Ndinathira theka lotsala lija. (Apa ndi pamene mngelo akanandigwira dzanja, koma kunja kunali kozizira kwambiri, ndikhulupirira sanatuluke.) Mafuta anangochuluka pamwamba, koma mzere uja unalipobe.

Kenako ndinaganiza kuti anthu akayambana timawasiya kaye mitima izizire. Ndinatulutsa kabotolo n'kukaimika pakhonde, m'sinowo, chipale chozizira chija chimene chimagwa kuno. Patatha ola ndinakapeza mafuta aundana gwaa ngati odzola, viniga ali pansi akusambira yekha. Tsopano sanangolekana ayi, wina wamanga ndi nyumba yake.

Ndiye ndinawakhuthulira m'poto. Cholinga changa chinali choyera: asungunuke basi, asungunuke n'kuwachotsa. Koma mafuta atatentha, adyo uja anayamba kununkhira. Ndipo apa ndinene zoona pamaso pa Mulungu, manja anga ali ndi nzeru zawozawo. Zaka makumi asanu ndi limodzi, mafuta akalira m'poto, manja amadziwa chotsatira. Mutu usanavomere, anyezi anali atalowa. Anyezi akalowa, tomato angatsale bwanji?

Nthunzi ya viniga inandimenya m'mphuno, ndinatsokomola, misozi mbwe. Alamu ya utsi ija ya kudenga inayamba: tswii, tswii, tswii! Ndinamasula chitenje chatsopano n'kuikupiza, ndinatsegula zenera, chisanu cha dziko lonse chinalowa kudzaonerera. Alamu itatonthola ndinasuzumira m'poto. Mafuta anali akuyandamabe pamwamba, timaso tawo tili phethiphethi kundiseka.

Pamenepo ndinakumbukira kwathu. Kwathu chimene chimagwirizanitsa madzi ndi mafuta ndi chimodzi chokha: nsinjiro. Ndinali nazo m'chitini, zosinja ndekha. Dzanja loyamba, ndinatakasa. Dzanja lachiwiri, ndinatakasa. Lachitatu, eee, Ambuye ndi wabwino! Zinagwirana, zinakumbatirana, mzere unasowa, timaso tinasowa. Ndinaimba nthungululu ndekha m'khitchini. Ndinati ukwati wa mdzukulu wanga ndaupulumutsa.

Chisangalalo chimenecho n'chimene chinandithiritsa msuzi wotentha pa letesi. Beseni lonse lodzaza linafota ine ndikuona, n'kutsala kamulu kokwana m'manja awiri. Tsono masamba ofota, osakhala aawisi, osakhala akupsa, ungawapatse asewere? Ndinawabwezera m'poto kuti apse bwinobwino. Ndipo kuti afewe msanga ndinatsinako kasoda, monga tichitira ndi nkhwani.

Sindinkadziwa kuti soda ndi viniga ndi adani akale. Thovu linakwera, linakwera, linasefukira pasitovu, linatsikira pansi. Ndi nthawi imeneyo Esinati anatsegula chitseko.

Anaima ndi jekete lake, makiyi ali m'manja.

"Amayi, saladi ili kuti?"

"Ndi iyi, mwanawe."

Anasuzumira m'poto nthawi yaitali. "Amayi, mwatendera letesi?"

"Ndatendera, koma taona mmene zagwirizanirana."

"Nanga mafuta a Nona?"

Ndinaloza botolo lopanda kanthu. Mwana wanga, namwino woona zoopsa tsiku ndi tsiku, anakhala pansi osavula jekete. Kenako anadzuka msangamsanga. "Ndithamangire kusitolo. Ndigula letesi wina ndi msuzi wopangapanga, tithira m'kabotolo kanuko, palibe adziwe."

"A Nona adziwa ndi mphuno ali pakhomo," ndinatero. "Ndipo nkhalamba inzanga sindingainamize. Yandipatsa amuna ake m'botolo."

Tikukanganabe, belu linalira.

Anthu atakhala patebulo, Esinati anayamba ndi kulengeza kuti m'mbale imodzi muli mtedza. (Kuno mtedza amaulengeza ngati maliro, chifukwa ena ukawalowa m'thupi amatupa.) Amalume ake a Maliko anakankhira mpando kumbuyo, tsiku lonse anadya buledi ndi nkhuku, akuyang'ana mbale yanga ngati njoka. Mayi a Maliko anavundukula mbaleyo, anayang'ana, anavundikiranso mwaulemu kwambiri. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Takondwa anandigwira mkono. "Agogo, you cooked it? Mwaphika saladi?"

"Khala apa, mkazi mnzanga, undimasulire."

Ndinatenga botolo lopanda kanthu, ndinagwada pafupi ndi mpando wa a Nona, maondo akulira, ndinafotokoza zonse. Sinowo ndinanena, anyezi ndinanena, soda ndinanena. A Nona analandira botolo ndi dzanja lamanzere, analinunkhiza. Maso awo ananyowa. Kenako anafunsa mawu amodzi, ndipo Takondwa anati, "Akuti chifukwa chiyani?"

"Uwauze kuti unalekana. Katatu konse. Tsiku ngati la lero sindikanabweretsa chinthu cholekana patebulo."

Mawu anayenda ulendo wake: Takondwa kwa Maliko m'Chizungu, Maliko kwa agogo ake m'Chitaliyana. A Nona anandiyang'ana. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ayi, kunali kuseka, kuseka kwa misozi, chikhakha chikugunda patebulo. Yankho linabwerera njira yomweyo.

"Agogo, akuti umalekana nthawi zonse."

"Nthawi zonse?"

"Every time, agogo. Akuti chiyambire mayi awo, sunakhalepo pamodzi nthawi yokwana kupemphera Atate Wathu. Mumangokhutchumula pothira, basi. Akuti iwo ndi malemu analinso choncho, koma ana anabadwa asanu ndi mmodzi."

Ndinatsala chogwada, pakamwa pali yasa. Mmawa wonse ndinkalimbana ndi chinthu chimene sichinalakwe.

A Nona anaitanitsa supuni. Analawa zotendera zanga. Nkhope yawo inayenda malo ambiri, inapita kutali, inabwerera. "Akuti mafuta a amuna awo akumveka," anatero Takondwa. "Akuti ali kutali kwambiri, koma akumveka."

Kenako anazondotsa botolo lija pamwamba pa kabuledi, nadikira. Tinadikira tonse. Anagwa madontho atatu, lachinayi linakana. Anauza Maliko anyeme kabulediko pakati, theka anadya iwo, theka anandiika m'kamwa ine ndili chigwadire. Ndiye mafuta a malemu, aawisi monga anayenera kukhalira, tinawalawa anthu awiri okha padziko lapansi. Anali owawira pakhosi pang'ono, onunkhira ngati udzu wongomweta. Ndinalira, ndinaseka, ndinafuna kuimba koma m'kamwa munali buledi.

Ukwati unachitika mwezi wa Ogasiti, ndipo ulipo mpaka lero. Kapepala kaja a Nona anakapereka kwa mayi a Maliko, amene kuyambira pamenepo amandikonda kwambiri, amanditumizira ndi makeke. Pa ukwatiwo ine anandipatsa ntchito yoimba nthungululu, kutali ndi khitchini, ndipo ndinaigwira mpaka Ataliyana anatseka makutu.

Ndaphunzira, inde ndaphunzira. Za eni ake ukaziona zikulekana, funsa kaye, mwina ndi mmene zimakhalira kwawo. Masiku ano msuziwo ndimaupanga bwino ndi mafuta a m'sitolo, khutchu khutchu pothira, manja ndimawabisa kumbuyo kuti asaone anyezi.

Koma chimodzi chokha ndinene, poti cholembera chili m'manja mwanga. Zotendera zija zinakhala m'firiji masiku anayi. Palibe anazikhudza, ngakhale Maliko wodya chilichonse uja. Tsiku lililonse ndinkapita kukavundukula, n'kuyang'ana bwinobwino.

Sizinalekane.