Maluwa Onsewa Wamwalira Ndani?

Usiku wathawu, nditagona pansi pafupi ndi bedi la bambo a Lonjezo m'chipatala muno, ndinalota zoti mundiseka nazo, amayi anzanga. Paja munawaona amuna angawo dzulo, osadzuka, osalankhula, ine mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndinalota tili mu minibasi, iwo atatsamira paphewa panga. Kondakitala anali nyani, koma waulemu kuposa awa tili nawowa. Msewu unalowa m'nkhalango. Mbawala zikudumpha, mbidzi zitaima ngati zikudikira kujambulidwa, njovu ikuoloka mosapupuluma ndi mwana wake. Ine ndikuwagwedeza bambowo kuti taonani, chibadwire izi sitinazionepo, iwo ali chitsinzinire. Zinandiwawa.

Mwadzidzidzi rodibuloko. Wapolisi anavula chipewa n'kusanduka njiri, n'kugwada ndi miyendo yakutsogolo kutipepesa kuti galimoto yathera pompano. Ndiye ndinawabereka bambowo ndi chitenje, opepuka ngati thumba la gaga.

Titangokwera kachitunda, mayo ine, munda wa maluwa okhaokha, ofiira, oyera, achikasu, mpaka polekezera maso, atsikana akudula n'kumamanga m'mitolo. Kwathu maluwa odula timawaona pa nkhata za maliro basi. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani, mtima ukundiuza kale kuti ndi amene ndaberekawa.

Duwa lina lofiira linaseka mpaka mame kuyoyoka.

"Mayi, ife njira ya kumanda sitiidziwa. Tikukwera ndege, tikakhale patebulo la azungu."

"Akakudyeni?"

"Ayi, azikangotiyang'ana."

Ndiye kunatulukira adokotala athu aatali aja, atasanduka kakowa, akuponda mosamala pakati pa mizere. Anawajompha bambowo pamphumi n'kunena kuti uyu sanakhwime, sadulidwa chaka chino, bwererani naye kunyumba. Ndinagwada m'matope momwemo, kuthokoza kakowa, kuthokoza maluwa, mpaka njiri ija ndinaithokoza. Ndinalira, anzanga, kulira kokoma.

Mwadzidzidzi ndinamva khwee, khwee, ine n'kumati ndi atsikana aja akukoka mitolo. Kutsegula maso, kunja kwacha, pabedi palibe munthu. Ndinadzambatuka. Khwee, khwee, kutembenuka, ndi mapatapata anga, atavala bambo a Lonjezo, akuchokera okha kuchimbudzi atagwira khoma, akung'ung'udza kuti mkazi uyu amagona ngati wafa.