Foni Yanga ndi Mtima wa Apongozi

Lolemba
Sabata yachitatu apongozi aakazi ali kwathu kuno ku Matundo, kuchokera ku Angónia. Kuchipatala akuti mtima wawo ukugunda modumphadumpha. Mankhwala akumwa, koma sakulankhula, sakudya, ngakhale mdzukulu wawo Zito sakumuyang'ana. Mayi wolima dimba lonse yekha uja! Anamwino akuti kukhumudwa kotereku n'koopsanso. Alowetsa nambala yanga m'gulu la pafoni la odwala mtima. Ndondomeko yanga:
- kuyankha uthenga uliwonse
- foni isachoke m'manja mwanga
- achire pofika Lamulungu

Lachiwiri
Uthenga wa anamwino: "Lero mtima uli bwanji?" Basi, tiwerenge kugunda kwake. Koma mkamwini kugwira mkono wa apongozi? Zosatheka! Mkazi wanga, amake Zito, akugwira, ine ndili kuseri kwa chitseko ndi wotchi. Ndikutumiza: 78.

Lachitatu
Funso lomwelo. Lero 91! Thukuta lili kamukamu. Anamwino akuyankha mofatsa: "Bambo, manambalawo timayeza kuno. Ine ndikufunsa ngati mayi akusangalala kapena akudandaula. Apatseni foni alankhule okha."
Kani mtima umenewo! Masiku awiri ndikuyankha za mtima wina.

Lachinayi
Ndikuika foni pampando n'kubwerera chafutambuyo. Amake Zito akuwasonyeza podina. Apongozi sakuikhudza n'komwe. Kenako m'gulumo mukumveka mawu a mayi wina wa ku Canongola: "Inu atsopano a ku Angónia, musadzitsekere m'nyumba. Ine ndinagawa kale mapoto anga poganiza kuti ndikufa. Pano ndikuphikira m'chitini, ana akukana kubweza!"
Apongozi: "Ha!"
Aseka! Adina. Akulankhula mpaka phala la Zito lapserera.

Lachisanu
Ndili pantchito yanga yomata matayala, foni ndilibe. Madalaivala a chapa, maminibasi akuno, sakundipeza. Kuitanitsa foniyo kwa apongozi sindingathe. Ndatuma amake Zito, akuti, "Pitani mukalande nokha, ngati ndinu mwamuna."

Loweruka
Anthu awa ndawagonjera. Akukumbutsana mankhwala, akukakamizana kuyenda m'mawa dzuwa lisanatenthe. Wina akangoti zii, onse ali, "Mwasowa kuti?" Anamwino aja akuyankha aliyense pomutchula dzina, kaya amapuma nthawi yanji. Apongozi akuphunzitsa gulu lonse kafutsidwe ka nkhwani. Ndawamvanso akuti, "Mkamwini wanga ndi mwana wabwino, koma ndi wamantha. Akuonda kuposa wodwalane."
Mega za intaneti zatha kawiri.

Lamulungu
Mtima ukudumphabe. Anamwino akuti ndi matenda okhala nawo, sachira pa sabata imodzi. Chabwino. Koma apongozi asamba, avala nsalu yatsopano, akalipira amake Zito kuti pabwalo sanasese bwino. Azimayi asanu a m'gulu muja akwera chapa, akuwoloka mlatho kudzawaona.
Foni ija ndiiwale, yapeza mwini wake.
Ndikupita kukabwereka mipando.