Tsiku Limene Mimba Yanga Inayezedwa Pagulu

Abale, munaonapo munthu akukweza yekha mkono kuti achititsidwe manyazi? Ndine ameneyo.

Titabwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi tonse tinali mafupa okhaokha. Ndiye ine nditatsegula kabaraka kanga pa Mandimba, n'kumagulitsa sopo, mchere ndi nsomba zouma za ku Entre Lagos, kamimba kanayamba kutuluka, anthu n'kusiya kunditchula Zakariya n'kumati "patarau", ndiye kuti bwana. Masiku amenewo mimba inali umboni woti nkhondo yathadi. Njinga ndinaikoleka kudenga. Patarau amapalasa ngati?

Nthawi yomweyo ndinkafunsira Rosita, mayi wamasiye wosoka zovala, koma yankho ankangolizengereza. Nditamva kuti akakhalapo pa mwambo wotsegulira chipatala chathu, chija tinaumbira tokha njerwa, ndinati basi, lero aone mwamuna wodya bwino. Ndinamenya nyama yambuzi yonona, kutsitsira zakumwa zotsekemera, n'kuvala dala malaya ondithina.

Pamwambopo anaimirira namwino wathu, Mayi Amelia. Mayi ameneyu nkhondo yonse sanathawe, chipatala chakale chitapsa ankabereketsa amayi pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpaka lero ndimawavulira chipewa. M'manja anali ndi tepi yoyezera nsalu, yobwereka kwa Rosita.

"Ndikufuna abambo awiri, wina wowonda, wina wathupi."

Wathupi anadumpha ndani? Wowonda anali mlamu wanga Bernado, mlimi wa fodya wa ku Itepela, wouma ngati phesi. Ndinamumvera chisoni, ndinati mayo, lero achita naye chitsanzo cha njala.

Mayi Amelia atandizunguliza tepi m'chiuno, ine m'malo mobweza mimba ndinaitulutsa yonse, ndi mphamvu zanga zonse, maso ali kwa Rosita. Batani linangoti thu! kukagwera m'kapu ya mlendo wolemekezeka wochokera ku Cuamba. Anthu kuseka, ine n'kumati akusirira.

"Bambo, mukadya mumawodzera?"

"Kwambiri, mayi! Mubaraka momwemo, makasitomala amachita kundidzutsa."

"Nanga kudaku m'khosimu?"

"Ndakhula ndi mwala, sikuchoka. Ndi khosi la anthu okhuta limeneli!"

Ndinkayankha mokweza, abale, kuti akumbuyo asaphonye. Atandimanga chopopa choyezera kuthamanga kwa magazi chija pamkono anayang'ana, n'kutembenukira kugulu.

"Mafuta a m'thupi ali ngati nkhokwe," anatero. "Ikadzaza mopitirira imang'aluka. Mafuta a pamimbawa akatopa amatayikira m'magazi ndi m'chiwindi, shuga n'kuyamba kukwera, tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, n'kukwera, mwiniwake asanamve kupweteka paliponse. Amene ali bwino pano ndi awa."

N'kuloza Bernado. Bernado! Munthu amene ndinkamupatsa nsomba zaulere pomumvera chifundo! Ndinayesa kubweza mimba ija koma inakana, nyama yambuzi inali itakhazikika kale. Ndinalakalaka nditabwerera kumsasa.

Koma onani nzeru za mayi ameneyu. Ataona kuti ndafota anandigwira paphewa.

"Awombereni m'manja bambowa. Matenda sanakhazikike, awatulukira msanga. Ambiri mwa inu mudzabwera mochita kunyamulidwa, awa abwera ndi miyendo yawo."

Anthu anawombadi m'manja, ndipo abambo ena amimba ndinawaona akuzemba kuseri kwa chipatala akudzigwiragwira m'khosi. Mayi Amelia anandichititsa manyazi n'kundichotsanso manyazi pa nthawi imodzi, mtima wotero si wa aliyense.

Anthu akubalalika, Rosita anabwera kudzatenga tepi yake, batani langa lili m'manja, lonyowa.

"Batanili ndikusokerani," anatero motsitsa mawu. "Koma ine ndinaika kale mwamuna mmodzi m'manda, a Zakariya. Wachiwiri sindikufuna. Tepi iyi ikadzabwerera m'mbuyo, mudzatumize amalume anu kwathu."

Pamenepo kuseka kunandithera. Madzulo ake njinga inatsika kudenga, n'kuyamba kupalasa ndekha kukapikula katundu mpaka ku Mitande, lilime lili panja, zotsekemera n'kumagulitsa osalawa. Tepi inabwerera, amalume anapita, Rosita ndi mayi wakunyumba lero.

Tsono pa Mandimba ponse mbiri ndi yoti baraka yagwa ndipo Rosita amandimana chakudya. Anene, ndili moyo. Koma namwino akadzaimanso pagulu ndi tepi n'kufunsa wathupi, mkono wangawu ndidzaukhalira!