Mpeni wa a Lyford ndi Mtengo wa Mayi Zaina

Ku Ulongwe aliyense ankadziwa kuti a Lyford akauyang'ana kawiri mtengo wako, mtengowo wapita. Malemuwa ankayenda ndi mpeni wopinda m'thumba la malaya, thumba linalo litatupa ndi timapulasitiki tong'amba ku majumbo a shuga, ndipo matenda awo anali kumezanitsa mitengo ya eni ake osapempha. Anali m'gulu la alimi odzipereka amene bungwe lina linawaphunzitsa za nazale ndi manyowa kuti aziphunzitsa anzawo mwaulere. Anzawo a m'gulumo ankadikira kuitanidwa. A Lyford ankangolowa ngati mbuzi yaona mpanda wothyoka.

Pakamwa pawo panalinso poyabwa. Akafika m'dimba mwako ankatapa dothi, kulinunkhiza, kenako n'kufunsa kuti, "Mwini wake wa dimbali anamwalira liti?" Iwe uli chiimire pomwepo, khasu lili m'manja. Lamulungu lina, anthu ali mkati mwa Misa, iwo anali kuseri kudula mtengo wa mandimu wa ansembe n'kubayapo malalanje. Atafunsidwa anati akhristu a pano nkhope zawo n'zokwinya kale, safunikanso mandimu.

Ena ankaseka. Mayi Zaina sanasekepo, ndipo anali ndi chifukwa.

Pakhomo pawo panali mtengo wa mango umene amuna awo, malemu a Abdulrazak, anadzala chaka chimene analowa m'banja. Unkabereka timango ting'onoting'ono taulusi, toti ukadya timakutsalira m'mano tsiku lonse. Njinga ya malemuwo inapita ndi abale awo, makina osokera chimodzimodzi. Mayiwo anatsala ndi mtengowu basi, ndipo ankaukonda kwambiri.

Tsiku lina anapita ku sadaka ku Liwonde. Pobwera anapeza dzuwa likuswa mtengo pakhonde pamene pankakhala mthunzi. Nthambi zonse zinali gwadagwada pansi, pa zitsa pake atazikapo timitengo tokulungidwa pulasitiki ngati zala zovulala. A Lyford anali atakhala pa mpando wa malemu a Abdulrazak, akupukuta mpeni.

"Mwabwera bwino, mayi. Musavutike n'kuthokoza, ife timagwira yaulere."

"Wakutumani ndani?"

"Mtengowu. Umalira ndikamadutsa."

"Unadzalidwa ndi amuna anga umenewu!"

"Ndiye nawonso analakwitsa, Mulungu awakhululukire. Amene aja ndi mango kapena ulusi wosokera matumba?"

Munsi unali pafupi, ndipo mayi Zaina anautola. A Lyford, bambo wa imvi zawo, anadumpha mzere wa chinangwa nsapato imodzi n'kutsala, ndipo nsapatoyo mayi Zaina anaisonkhezera pamoto.

Mvula itagwa, timitengo tija tinagwira. Koma m'munsi mwake munatulukanso mphukira ya mtengo wakale uja, yofiirira, yanthete. Mayi Zaina ataiona anakhala pansi n'kulira. A Lyford ataiona ali pamsewu anayamba kufufuza mpeni m'thumba.

"Mayi, kamphukira ako n'kakuba. Kakudya chakudya cha anzake."

"Wakuba ndikumuona ine wavala nsapato zosiyana."

Nkhondo inayambira pamenepo. A Lyford ankabwera mbandakucha, n'kupeza mayiwo atadzuka kale kuswali, akuwadikira ndi madzi otsukira mbale. Anayesa Lachisanu masana poganiza kuti ali ku mzikiti, anapeza mphukira itazingidwa ndi minga, pamwamba atawazapo chitedze. Anakanda mpaka pa siteji ya maminibasi, ali m'njira akuuza aliyense kuti mayi amene uja ndi mdani wa chitukuko. Pa maphunziro a gulu lawo ankawatchula dzina poyera ngati chitsanzo cha umbuli. Mayi Zaina nawo akamva belu la njinga ya a Lyford ankalavula.

Mphukira inakula n'kukhala nthambi, ndipo mtengo unayamba kubereka mitundu iwiri: kum'mawa timango ta a Abdulrazak, kumadzulo zimango za a Lyford zonga mutu wa khanda. Zimenezo mayiwo sanalawepo. Zikagwa ankazikankhira kwa mbuzi ndi phazi, makamaka mwini wake akamadutsa.

A Lyford anamwalira mwezi wa Novembala, atadwala pang'ono chabe. A Maness, oyandikana nyumba ndi mayi Zaina, ndiwo anabweretsa uthenga.

"Kumaliro mupita?"

"Ndipita. Ndikaonetsetse kuti mpeni uja aukwirira nawo limodzi."

Anapitadi, ndipo anthu anali ochuluka kuposa mmene ankaganizira. Aliyense anali ndi nkhani ya mtengo wake umene unadulidwa, aliyense ankatukwana, kenako n'kupukuta m'maso. Ansembe anati malalanje aja ndi okoma, ngakhale kuti mandimu awo akuwasowabe.

Atabwerako, mayi Zaina anatenga chikwanje. Tsopano panalibe wowaletsa kuchotsa mbali ya mdani wawo. Atafika pansi pa mtengo anaona kuti nthambi ya a Lyford yalemedwa ndi zipatso mpaka yayamba kung'aluka pamene panali pulasitiki paja, ndipo mng'aluwo ukutsikira ku thunthu. Ikanathyoka kapena kudulidwa pamenepo, ikanang'amba ndi mbali ya amuna awo yomwe. Anaima nthawi yaitali, mtima ukuwawa, chifukwa munthu yekhayo amene akanadziwa chochita anali atangomukwirira kumene.

Analowa patchire n'kubwera ndi mtengo wa mphanda. A Maness anawapeza akuchirikiza nthambi ija, thukuta lili kamukamu.

"Ndimayesa mumati mudula?"

"Iyayi, gwirani uko. Munthu woipa ameneyu, wafa koma akundigwiritsabe ganyu."

Masiku ano ku Ulongwe mitengo ikukula mmene ikufunira, ndipo ukhoza kupita ku sadaka osadera nkhawa za pakhomo. Koma belu la njinga likalira pamsewu, mayi Zaina amagwirabe munsi n'kusuzumira. Akaona kuti ndi wogulitsa makala, amaubweza pakona mwakachetechete.