Kwa Bwana Amene Anandisandutsa Katswiri wa Kompyuta

Neno,
15 Novembala 1999

Mkulu wa Mayeso,
Bungwe la Luso la Mawa,
Blantyre.

Olemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalata ino nditagwada chifukwa cha chimwemwe. Ine ndine Stelia Binwell, wotayipa makalata pa ofesi ina yaing'ono kuno ku Neno, yemwe satifiketi yanu ikumutcha "katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta". Ndimaiwerenga m'mawa ndi masana, ndipo nthawi zonse ndimayamba ndacheuka kuti ndione munthu akunenedwayo. Kalatayi ndaitumizanso ku nyuzipepala kuti dziko lonse limve, poti masiku ano a matipate aliyense ali ndi ufulu wolankhula, ndipo ine ufulu wangawo ndasankha kuuthera pa kukuthokozani.

Mundilole ndiyambe ndi chimene chinandigwetsera m'manja mwanu. Chaka chatha bwana wanga a Laimoni anabwera kuchokera ku msonkhano ku Mwanza, nkuima pafupi ndi makina anga otayipira ngati munthu wodzapepesa maliro. "Mayi Binwell," anatero, "makina anuwa masiku ake atha. Kukubwera makompyuta, ndipo amene alibe pepala lake azikalima." Zaka khumi ndi zinayi ndili pa taipi, Bwana, ana anayi ali pa sukulu. Sabata yomweyo ndinaona chilengezo chanu pa nyuzi imene anandikulungiramo usipa: "Phunzirani muli kwanu, mukhale katswiri." Ndinati Mulungu wayankha, ngakhale yankholo linkanunkha nsomba.

Tsono mathokozo anga ndawaika m'manambala, monga munandiphunzitsira.

1. Zikomo chifukwa cha buku. Linafika patatha miyezi itatu, lonenepa ngati mwana wa kusikelo. Mawu ake oyamba anali akuti, "Khalani patsogolo pa kompyuta yanu." Ndinakulemberani modzichepetsa kuti ndilibe. Yankho lanu lanzeru ndikulisungabe m'Baibulo: "Mubwereke kwa mnansi wanu." Mnansi wanga ndi a Enelesi. Ndinapita ndithu, poti ndine womvera. Anandibwereka wailesi yopanda mabatire. Magetsi amapangidwa pa Shire pompa, koma ife timangowaona akudutsa pamwamba pa mawaya, ali pa ulendo wa ku tauni kumene amayembekezeredwa. Choncho ndinakhala patsogolo pa chithunzi cha pachikuto cha bukulo. Nchokongola kwambiri, amene anajambula mumuuze.

2. Zikomo chifukwa cholimbitsa banja langa. Buku linati pulogalamu iliyonse iyesedwe pa kompyuta. Poti kompyuta ndi chinthu chimene chimachita zimene chauzidwa basi, osawonjeza kapena kuchotsa, ndinapempha amuna anga a Ezekiele kuti akhale kompyuta yanga. Zaka makumi awiri za ukwati sanachitepo chimene ndawauza, koma apa anavomera, ati n'zasayansi.

Loweruka lina ndinawalembera pulogalamu yosankhira mbatata ya kachewere: "Tolani mbatata. Ngati ili yaikulu, ikani m'thumba. Apo ayi, ikani m'dengu. Bwerezani." Ndinawapatsa pepala nkupita ku mjigo. Pobwera ndinapeza khamu pabwalo. Mbatata inali itatha kalekale, koma bambo akunyumba anali akadawerama, kutola mphepo, kuiyang'anitsitsa, kuiponya m'dengu, kuweramanso. A Enelesi anali atathamangira kale kukaitana abusa.

"Bambo a Tione, mwatani kodi?" ndinafuula.

"Simunalembe poimira," anayankha osaweramuka. "Kompyuta siganiza."

Abusa anafika ndi Baibulo lotsegula, ine ndili kalikiliki kulemba mzere wakuti "mbatata ikatha, lekani". Nditangowapatsa a Ezekiele pepalalo anaima nji, nkupempha madzi akumwa. Mpaka lero theka la mudzi limati linali pemphero. Msana unawapweteka sabata yathunthu, koma ine chiyambire tsiku limenelo sindinaiwalepo kutseka pulogalamu. Miyezi isanu ndi itatu tinagwira ntchito chotero: ine kulemba pa pepala, iwo kutsata mzere ndi mzere ndi chala, nkumakondwera ngati mwana akapeza pamene ndalakwitsa. Pamenepo pokha, ndinganene, kompyuta yangayo inkamwetulira mopitirira muyeso.

3. Zikomo chifukwa cha ulendo. Kalata yondiitana ku mayeso inafika Lachitatu, mayeso ali Lachisanu 8 koloko m'mawa ku Blantyre. Munachita bwino, Bwana, munthu akadziwiratu amangodwala ndi nkhawa. Ndinakwera pamwamba pa lole ya manachesi, buku pamiyendo, ndikuloweza malamulo mokweza pamene anzanga ankaimba nyimbo zoti tifike amoyo. Msewu wathu simunauone, ndipo sindikukufunirani. Pofika pa Zalewa fumbi linali litandipaka mofanana kuyambira duku mpaka nsapato. Mlonda wa pageti panu atandiona m'mawa mwake anati, "Amayi, manachesi timagulira kuseri." Ndinamuonetsa kalata yanu. Anaiwerenga kawiri, nkundichitira sawasha. Ameneyo mumukweze.

4. Zikomo koposa chifukwa cha tsiku la mayeso. Ndinalowa m'holo ndipo ndinawaona, Bwana! Makompyuta makumi atatu, enieni, oyaka kale, akung'ung'udza ngati njuchi. Ndinakhala pa yanga manja kumbuyo, kuopa kuidetsa. Anzanga onse anali anyamata a m'tauni a mataye, akuthyola zala ngati osewera mpira akutenthetsa thupi. Woyang'anira mayeso, mayi wina waulemu dzina lake a Yunike, anakweza dzanja nkuti, "Mukhoza kuyamba."

Magetsi anazima.

Tinadikira ola limodzi. A Yunike anatuluka kukafunsa za jenereta. Anabwera nkutiuza kuti jenereta ilipo ndithu, yatsopano, kungoti dizilo wake anathira m'galimoto yanu poti munali ndi msonkhano ku nyanja. Ndikhulupirira unayenda bwino. Ola lachiwiri litatha anabweretsa mapepala ndi mapensulo nkuti, "Pepani, aliyense alembe mapulogalamu ake pamanja."

Bwana, holo ija inasanduka siwa. Wina anafunsa kuti adziwa bwanji pamene walakwitsa popanda kompyuta yomuuza. Wina anavula taye nkugwira mutu. Ine ndinaluma mlomo kuti nthungululu isatuluke. Pensulo! Pepala! Munali mwandibweza kwathu ku Neno popanda kukwera lole. Funso lachitatu linali la kusanja manambala, aakulu uku, aang'ono uku. Ndinangoona mbatata. Ndinalemba mpaka pensulo kufupika, ndipo mzere uliwonse ndinkamva mawu a bambo a Tione m'khutu akuti, "Apa ndiima pati?" Nditangopereka pepala langa magetsi anayaka, makompyuta onse nkuyambanso kung'ung'udza, koma a Yunike anati nthawi yatha, tituluke.

5. Zikomo chifukwa cha satifiketi. Pa anthu makumi atatu tinakhoza anayi, ndipo dzina loyamba pa mndandanda linali la mayi wa manachesi uja. Amayi a Mvano anandivinira kuchokera pa positi ofesi mpaka kunyumba. A Ezekiele akuuza aliyense pa msika kuti theka la pepalalo ndi lawo. Anthu akubwera kuchokera ku Ligowe ndi ku Nsambe ndi mawotchi akufa, matochi, ngakhale makina osokera, ati katswiri awaone. Ndimawagwira, nkugwedeza mutu mwaukatswiri, nkuwauza kuti abwere mawa. A Laimoni tsopano amandigogodera asanalowe mu ofesi yawo yomwe.

Tsono nali pempho langa, Bwana, ndipo ndi laling'ono.

Lolemba lapitali kunafika galimoto yoyera ya anthu otithandiza a kunja. Anatsitsa makatoni anayi ndi kajenereta, nkunena kuti abweranso pa 3 Disembala ndi alendo komanso wojambula zithunzi, kudzaona kompyuta ikugwira ntchito. Anafuna kutisiyira munthu wotiphunzitsa, koma a Laimoni anakana monyadira. "Musavutike," anatero, akuloza satifiketi yanu pakhoma. "Tili naye wathu, nambala wani dziko lonse." Aitana mafumu, aitana kwaya, mbuzi yamangidwa kale kuseri kwa ofesi.

Makatoni ndatsegula. Muli chinthu chonga wailesi yakanema, china chonga sutikesi yachitsulo, mabatani ofanana ndi a taipi yanga, ndi zingwe zisanu ndi ziwiri zimene sizikufanana mitu. Ndazitsekera mu ofesi, ndawauza a Laimoni kuti makina otere amafunika apume kaye akayenda msewu woipa. Akhulupirira, poti wanena ndi katswiri. Dzulo ndinabwera ndi bambo a Tione kuti aone mnzawo. Anaizungulira kawiri, nkunena kuti iwo za m'kati mwa anzawo salowerera.

Ine ndikhoza kuchilembera chinthu chimenechi pulogalamu yosanja mayina a alimi onse a m'dera lino, kuyambira ku Matope mpaka kumapiri, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Inu mwasaina nokha kuti ndikhoza, ndi inki yobiriwira, ndipo ine sindingatsutse siginecha ya munthu wamkulu ngati inu. Chimene ndikupempha nchakuti, mukapeza kampata pakati pa misonkhano yanu, mufunse mmodzi mwa anyamata makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi amene munawalepheretsa aja, andilembere pa kapepala kuti chingwe chiti chimalowa pati, ndiponso kuti chinthuchi amayatsira pati. Yankho lifike lisanakwane tsiku la alendo, chifukwa wojambula uja akadzafunsa kumene ndinaphunzira, ine ndine mayi woyamika: ndidzatchula dzina la bungwe lanu mokweza, kawiri, ndi keyala yomwe.

Ine wanu wogwada pansi, katswiri mwa chifundo chanu,

Stelia Binwell (Mayi)