Mabotolo anga m'filiji ya apongozi

Mpaka lero ndikaona thobwa la m'botolo mtima umandiwawa, ndipo wolakwa ndikumudziwa, ndimamuona pagalasi.

Ndinkagwira ntchito mongoyembekezera pa esiteti ina ya tiyi, kumalo oyeretsera madzi ochokera m'zimbudzi za nyumba za antchito. Madziwo amadutsa pa sefa ya timabowo tosaoneka ndi maso, koma sefayo inkatsekeka ndi zonanda zimene tizilombo ta m'matope timatulutsa. Abwana anati ndilekanitse zonandazo ndi matope, zikayezedwe ku Blantyre. Zikayenda bwino, andilemba ntchito yokhazikika. Miyezi itatu ndinatunga matope onunkha, kuwatenthetsa, kuwazunguza pamakina, kusefa, mpaka ndinapeza mabotolo khumi ndi awiri a timadzi totuwa, lililonse ndi chizindikiro chofiira pachivindikiro.

Ku Chonde, kumene ndili mkamwini, sindinatchulepo za matope. Ndinkangoti ndimagwira ku labu (munthu wovala tayi anganene bwanji kuti amavundula za m'chimbudzi?).

Lachisanu lina filiji ya kuntchito inafa, ulendo wa ku Blantyre uli Lolemba. Filiji ina imene ndinkaidziwa inali ya apongozi anga aakazi, yoziziritsira thobwa logulitsa ku Nkando. Mkamwini sacheza ndi apongozi ngati mnzake, choncho ndinatuma mkazi wanga kuti akaikemo mabotolowo.

"Nanga ndikawauze kuti n'chiyani?" anandifunsa.

"Ungoti zakuntchito."

Lamlungu pochokera ku tchalitchi ndinapeza mabotolo anga atayanikidwa pathandala, ali mbee! Apongozi anakhala chapatali, maso kumbali, n'kumalankhula kwa mwana wawo.

"Uwauze bambowo kuti madzi awo aja anasasa, ndataya. Mabotolo ndatsuka ndi phulusa, asavutikenso. Ndabwerekako awiri."

Miyezi itatu kudzala la zinyalala! Ndinafuna kukuwa, koma ndikanakuwa kuti chiyani? Kuti zimene zinagona masiku awiri pakati pa thobwa lawo n'zochokera kuti? Ndinanjuta, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, amayi. Mwatithandiza."

Posakhalitsa mkazi wanga anabwera ndi limodzi la mabotolo obwerekedwa aja, lodzaza thobwa lozizira, chizindikiro changa chofiira chidakali pachivindikiro. Apongozi anali kuyang'ana m'mbali mwa diso. Ndinamwa lonse.

Ntchito ija anapatsa wina amene sachita manyazi ndi matope. Ine ndikadali pakhomo, ndimawanyamulira thobwa panjinga kupita ku Nkando. Makasitomala akafunsa, apongozi amanyadira: "Awa ndi akamwini anga, anali a ku labu." Ndipo sindinawatsutsepo.